Mayi Imogene ndi Thumba Lachinayi

Mayi Imogene Ledford anabadwira pamunda wa fodya m'chigwa china kumapiri a Tennessee, ndipo moyo wawo wonse sanapitepo kutali koti n'kulephera kubwerako dzuwa lisanalowe. Ali mtsikana ankasoka fodya mpaka manja kuda bii ndi utomoni. Atakula analowa ntchito pafakitale yoluka masokosi, nakhala pamakina omwewo mpaka imvi zinayamba kutuluka. Kunyumba ankaweta nkhuku zoikira mazira. Sanali mayi wa mawu ambiri. Kutchalitchi ankakhala chakumbuyo, ndipo akamaimba ankamveka kwa oyandikana nawo okha.

Amuna awo, a Verlon, anali ena ndithu. Chimunthu chachikulu, khosi ngati la ng'ombe yapagoli, chiphwete chomveka kutsidya kwa mtsinje. Mkati mwa sabata ankacheka matabwa kufakitale ya mipando, koma mtima wawo unkakhala m'shedi kuseri kwa nyumba, mmene munkagona galimoto yawo ya mjaho, yakale, yobiriwira. Lamlungu lililonse m'nyengo yotentha, anthu akatuluka m'tchalitchi ankathamangira kubwalo la a Hobart Crabtree, kamsewu kaphula kowongoka komwe kale pankatera tindege topopera mankhwala m'minda. Galimoto ziwiri zinkaima moyandikana, getsi lobiriwira n'kuyaka, zonse n'kuliyatsa liwiro mpaka kumapeto. Kunalibe zokhotakhota. Nkhani yonse inali kunyamuka bwino ndi kuyenda molunjika.

Galimoto yotere ikanyamuka mwaukali, masipuling'i akumbuyo, aja a zitsulo zosanjikizana, amapindika, matayala n'kumangodumphadumpha m'malo mogwira phula. N'chifukwa chake pansi pa sipuling'i iliyonse amamangirirapo mpiringidzo wachitsulo woloza kutsogolo, wokhala ndi kamphira kunsonga. Ponyamuka mpiringidzo umatukuka, kamphira n'kugunda sipuling'i, tayala n'kukanikizika pansi. Koma pakati pa kamphira ndi sipuling'i pamasiyidwa kampata, ndipo kampatako kakalakwika mbali imodzi, tayala lina limagwira msanga kuposa linzake, galimoto n'kukhotera kumbali. Poyeza kampatako, pampando wa dalaivala pamayenera kukhala kulemera kwa dalaivala mwini wake, chifukwa galimoto yopanda munthu imaima mwina, yokhala ndi munthu imaimanso mwina.

Apa ndiye panali vuto, popeza a Verlon sakanakhala pampando n'kukhalanso kunsi kwa galimoto, ndipo mwamuna wina sankamulola kugwira sipanala kumeneko. "Kunsi kwa galimoto yanga kuli ngati m'thumba la buluku langa," ankatero. "Simupisa dzanja la munthu wina."

Njira inapezeka chaka chimene anakwatirana. Tsiku lina kusitolo ya chakudya cha ziweto, anzawo anawakweza pasikelo mwa nthabwala, napeza kuti amalemera chimodzimodzi ndi matumba anayi a chakudya cha nkhuku. Dzina linabadwa pomwepo. Chigwa chonse chinkawatcha a Matumba Anayi, ndipo iwo ankalinyadira dzinalo mpaka analilemba ndi penti pachitseko cha galimoto. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Verlon ankatsikira m'dzenje lomwe anakumba m'shedi kunsi kwa galimoto, ndipo Mayi Imogene ankatuta matumba pawilibala kuchokera kukhola, n'kuwasanja pampando.

"Anayi, Mayi?" mawu ankachokera kunsi.

"Anayi, Bambo."

Anachita zimenezi kuyambira ali achinyamata mpaka ana awo anakula n'kupita kumizinda.

M'chisanu cha 1978 Mayi Imogene anayamba kuona tinthu. A Verlon, amene kale ankamaliza chigumu chonse cha chimanga ndi mbale ziwiri za nyemba, tsopano ankangotola pang'ono, n'kunena kuti akadyera pakhonde poti m'nyumba mukutentha. Galu anayamba kunenepa. Pa lamba panaoneka chiboo chatsopano choboola ndi msomali, kenako china. M'dengu la zochapa munkapezeka malaya awiri tsiku lililonse, ovulidwa pamodzi, ena ali m'kati mwa anzake.

M'chigwa chimenecho matenda ena sankatchulidwa dzina. Bambo awo a Verlon anauma chomwechi, adokotala anawang'amba pamimba n'kungosokanso, ndipo sanafike pokolola. Anthu ankati matendawo akangoona mphepo amalusa, choncho mpeni wa dokotala ndi umene umapha. A Verlon ankakhulupirira zimenezi ngati mawu a m'Baibulo. Tsiku lina Mayi Imogene atangoti, "Bambo, simukudya," iwo anaika supuni pansi, natuluka, ndipo sanayankhule mpaka mawa lake.

Mjaho utayambiranso, galimoto ija inayamba khalidwe lachilendo. Lamlungu loyamba inangoti ikunyamuka n'kupotokera kumanzere, kudumpha mzere wapakati, mwayi wake amene ankapikisana nayeyo anali atadutsa kale. Anthu anaseka, nati mdala wagona pachiwongolero. Lamlungu lotsatira a Verlon anali mbali ya kumanzere, kumene anthu amakhala pamapikapu awo kuseri kwa waya. Getsi litayaka, galimoto inalunjika kwa anthuwo. Inasiya phula, kulima udzu, fumbi koboo, amayi kukoka ana, mipando kugubuduzika. Inaima itagunda mtengo wa mpanda wa waya uja. Tsiku limenelo palibe anaseka.

"Ndi mipiringidzo," anatero a Verlon pobwerera kunyumba. "Yatopa. Ndikagula ina."

A Hobart, kuwonjezera pa bwalo lija, anali ndi sitolo ya zitsulo za galimoto m'tauni. A Ledford anapitako Lachiwiri ataweruka. Mayi Imogene anaima pafupi ndi chitseko, chikwama chili m'manja, monga mwa masiku onse. Pakauntala anapezapo Doyle, mwana wa mlongo wawo wa Mayi Imogene, bambo wa ana atatu, amenenso anali ndi galimoto yake ya mjaho.

"Eee, afika alimi!" anafuula Doyle. "Amalume, mukafuna kulima udzu wa a Hobart muzibwereka thirakitala, galimoto simalima bwino."

"Iwe, ndinayamba kuthamanga usanaphunzire kumanga kabudula. Tseka pakamwa."

"Zakhali, muli bwanji? Mwawaperekeza kuti asasochere?"

"Tili bwino, Doyle," anayankha Mayi Imogene motsitsa mawu.

A Hobart anatulutsa mitundu iwiri ya mipiringidzo n'kuiyala pakauntala. Ina inali yaifupi, yonyezimira ngati galasi. Ina inali yaitali, yakuda, yosakongola.

"Yonyezimirayi ndi ya anyamata okaimika galimoto pamalo ogulitsira ayisikilimu," anatero a Hobart. "Ndi yaifupi, kamphira kamagunda pakati pa sipuling'i, tsiku lina sipuling'i imathyoka. Iyi yakudayi imafika kumutu kwenikweni kwa sipuling'i, pomwe pali mphamvu. Koma iwe ukudziwa kale zimenezi, ndikuuziranji."

A Verlon anatulutsa kachingwe komwe anayezera kunyumba, nakatambasula pa mpiringidzo wakuda. Kanakwana ndendende. Anausuzumira mowotcherera, naugogoda ndi chala.

"Ndipatse iyi."

"Ndikupatsa. Koma achimwene, ndimve kaye." A Hobart anatsamira pakauntala. "Yomwe uli nayo ndi yaitali kale, ndinakugulitsa ndine. Chitsulo sichisintha maganizo chikugona m'shedi. Galimoto imene yayenda molunjika zaka zonsezi ikayamba kukhota, ndiye kuti mwini wake wasinthamo kanthu. Wachotsamo chiyani kumanzereko? Batire? Mpando wasintha?"

"Palibe."

"Palibe chimene chapepuka?"

"Ndati palibe. Wagontha?"

Pamenepo Mayi Imogene anayang'ana msana wa amuna awo, ovololo itangolendewera ngati yoyanika pachingwe, ndipo anadziwa chimene chapepuka kumanzere kwa galimoto. Loweruka lililonse ankasanja pampando munthu amene kunalibenso. Lamlungu pankakhala wina, wochepa, galimoto n'kuima mopendekeka, mpata wonse uja woyezedwa mosamala n'kukhala wabodza.

"Chabwino," anatero a Hobart. "Koma kumanzere, kufupi ndi anthu, sindikuikakonso. Uzikhala kumanja. Ndipo ukadumphanso mzere, bwalo langa uziliona uli kuseri kwa waya ngati wina aliyense."

"Ndiye kumanzere kwawo kukhala ndani?" anafunsa Doyle.

"Mwa asanu aja opikisana m'gulu lanu mwatsala awiri, iwe ndi amalume akowa. Ukuganiza kuti kukhala ndani?"

Doyle anaseka mpaka kugwira kauntala. "Mayo ine! Zakhali, mukawauze akazi anga kuti suti yanga yabwino ili m'kabati."

"Usaope mphwanga," anatero a Verlon. "Ukhala uli kumbuyo kwenikweni, ukungonunkhiza utsi."

A Hobart anaseka nawo, nawamenya a Verlon paphewa monga amachitira anthu okulira limodzi. Dzanjalo linakhala paphewapo kanthawi. Kuseka kunawathera pankhope. Anachotsa dzanja pang'onopang'ono, nayang'ana kwa Mayi Imogene, ndipo mayiwo anayang'ana pansi. A Verlon ananyamula bokosi la mipiringidzo, nayenda nalo pang'ono, kenako n'kulitsitsa, ati akufuna machesi m'thumba. Doyle analinyamula ndi dzanja limodzi kukaika m'pikapu, akuimba mluzu.

Sabata yonseyo Mayi Imogene ankaima pamakina a masokosi maganizo ali kwina. Akatseka maso ankaona galimoto yobiriwira ikudumpha mzere, ndi chitseko cha Doyle chili pomwepo. Akanatha kukauza a Hobart kuti awaletse, koma kumeneko kunali kuwavula amuna awo pamaso pa chigwa chonse. Akanatha kuuza Doyle kuti anamizire injini, koma Lamlungu linalo kumanzereko kukanakhala mwana wa munthu wina. Kuyankhula ndi a Verlon patebulo anali atayesa kale. Lachisanu kapitawo anawadzudzula kuti masokosi awo akutuluka opanda chidendene, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Loweruka kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. A Verlon anatsikira m'dzenje m'mawa. Ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire inawatengera mpaka masana. Ali kukhola, Mayi Imogene ankamva sipanala ikulira, kenako zii kwa nthawi yaitali, kenako ikuliranso.

"Mayi! Bweretsani matumba."

Anakweza matumba anayi pawilibala monga mwa nthawi zonse. Atafika pakhomo la shedi anaima. Anatsitsa limodzi n'kulitsamiritsa kukhoma, panja. Atatu enawo anawasanja pampando, galimoto ikutsika pang'ono thumba lililonse likagwa.



"Ndamva atatu," anatero a Verlon.

"Ndi atatu."

"Lina lija?"

Mayi Imogene anagwira chitseko cha galimoto. Sankawaona amuna awo, ankangoona kuwala kwa tochi kukutuluka pansi pa galimoto, ndipo mwina n'chifukwa chake pakamwa panatseguka.

"Lachinayi kulibe, Bambo. Linatha kalekale."

"Mukunena chiyani? Ndaona ndekha matumba asanu m'khola dzulo."

"Sindikunena za m'khola."

Tochi inazima. Nkhuku ina inalowa m'shedi, n'kuyamba kujompha timbewu tomwe tinagwa pawilibala.

"Ndani wakhala akukuuzani zopusazi? Hobart?"

"Zovala zanu ndimachapa ndine. Galu ndimamuona ndine, akulephera ndi kukwera masitepe omwe."

"Kagwireni ntchito yanu, mayi inu. Bweretsani thumbalo."

"Sindibweretsa."

Chikwatirane, mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pawo. Mayi Imogene anakhala pansi pomwepo, pasimenti yamafuta, diresi lawo labwinobwino.

"Kuchipatala sindikukakamizani, thupi ndi lanu," anatero. "Mjaho sindikukuletsani. Koma mawa kumanzere kwanu kuli Doyle. Wamng'ono wake uja sanayambe n'kuyenda komwe. Ine ndi manja angawa sindisanja bodza pampando kuti mukamuphe mwana wa mlongo wanga. Mukafuna lachinayi, tulukani mudzalinyamule nokha."

Anadziwa kuti mawu omalizawo ndi ankhanza, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti a Verlon sangalinyamule. Anadikira kukalipiridwa. Anadikira sipanala kuponyedwa kukhoma. M'malo mwake anamva kupuma kokha, kolemera, kwa munthu wotsamira khoma la dzenje. Nkhuku ija inatuluka. Padenga lamalata pankangothetheka ndi dzuwa.

Mawu atabwera, anali aang'ono, osakhala ngati a munthu amene ankamveka kutsidya kwa mtsinje.

"Imogene."

Sankawatchula dzina kawirikawiri.

"Ndili pano."

"Tengani chitini chija mumatapira chakudya cha nkhuku. Mumasule thumba lapamwambalo. Mutapemo zitini zisanu."

Mayi Imogene sanasunthe.

"Ndinakwera pasikelo ya matabwa kuntchito Lolemba, anthu atapita kokadya," anatero a Verlon. "Atatu sakukwananso."

Mayiwo anadzuka, nakatenga chitini ndi ndowa. Mfundo ya thumba inawavuta, mpaka anaimasula ndi mano. Anatapa kasanu, chakudya china chikutayikira pampando, ndipo kunsi a Verlon ankamva chitini chilichonse chikukhuthulidwa m'ndowa. Atamaliza anamanganso thumba.

"Ndatapa."

Tochi inayaka. Sipanala inayamba kulira. A Verlon anayeza kumanja, anayeza kumanzere, namanga manati, kenako n'kuyezanso kachiwiri. Pokwera kutuluka m'dzenje anatambasula dzanja osayang'ana kumwamba, ndipo akazi awo anawakoka. Za matenda sanakambe. Madzulo a Verlon anamwa msuzi pang'ono patebulo pomwepo, osapita pakhonde.

Lamlungu mitambo yakuda inaunjikana pamwamba pa mapiri, koma mvula sinagwe. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ndipo ambiri anaimika mapikapu awo patali ndi waya. Mayi Imogene ankakonda kuonerera ali m'pikapu, mawindo otseka chifukwa cha phokoso. Tsiku limenelo anatsika, nakaima pawaya pafupi ndi ponyamukira. Sankadziwa ngati zitini zisanu zija zinali zoona, kapena ngati amuna awo anabisako zina. Sankadziwanso ngati manja amene analephera bokosi angagwire chiwongolero galimoto ikalusa.

Galimoto ziwiri zinafika pamzere, ya Doyle kumanzere, ya a Verlon kumanja. Mkazi wa Doyle anaima chapatali, mwana ali m'manja, atamutseka makutu. Doyle anatulutsa mutu pawindo.

"Amalume! Njira ndi iyo, kutsogoloko! Kuno kuli anthu!"

A Verlon anangokweza dzanja. Chipewa chawo chachitsulo chinkagwedera pamutu. Pafupi ndi getsi a Hobart anaima manja ali m'chiuno, osaseka.

Mainjini anabangula mpaka nthaka kunjenjemera m'mapazi. Fungo la mphira wopserera linadzaza m'mphuno. Mayi Imogene anagwira waya mwamphamvu osamva kuti ukuwacheka.

Getsi linayaka.

Galimoto yobiriwira inakhala pansi kumbuyo, mphuno n'kutukuka, matayala onse awiri n'kuluma phula nthawi imodzi. Inapita ngati yokokedwa ndi chingwe. Sinayang'ane kumanzere, sinayang'ane kumanja. Ziwirizo zinachepa limodzi kutali, mzere woyera uli pakati pawo, mpaka mbendera ya kumapeto inagwera mbali ya kumanja. Anthu anakuwa, zipewa m'mwamba. Wina anafuula, "Matumba Anayi wabwerera!"

Galimoto zikafika kumapeto zimakhota n'kubwerera pakamsewu kafumbi kam'mbali. Ya Doyle inakhota, n'kumabwera pang'onopang'ono, mwini wake akumenya chitseko ndi dzanja, akuseka. Ya a Verlon sinakhote. Inaima kumapeto kwenikweni, pomwe phula limathera m'munda, ndipo injini inazima. Anthu anadikira kuti chitseko chitseguke. Phokoso linayamba kuchepa, mpaka kunangotsala kulira kwa mwana uja.

Mayi Imogene anawerama kudutsa pansi pa waya, nayamba kuyenda pakati pa phula, atavala nsapato zawo za kutchalitchi. A Hobart anawaitana, koma sanacheuke. Phula linali lotentha, lomata. Sanathamange, poopa chimene akachipeze.

Anawapeza ali moyo, manja ali pachiwongolero, nkhope yotuwa ngati phulusa, thukuta lili chuchuchu.

"Yayenda bwanji?" anafunsa a Verlon.

"Molunjika."

"Doyle?"

"Ali bwino. Akuseka."

A Verlon anatseka maso. "Lamba wa mpandoyu akundikanika kumasula. Miyendonso sikundimvera. Ndithandizeni asanafike anthu."

Mayi Imogene anatsegula chitseko, namasula lamba, nawavula chipewa. Anayesa kuwadzutsa, koma miyendo inakana ndithu, choncho anangowatembenuza kuti mapazi akhale panja, mphepo iwapeze. Kumbuyo, kutali, pikapu ya a Hobart inali italowa paphula, amuna atadzaza kumbuyo kwake.

"Afika, Bambo. Sitingawabisire."

A Verlon anayang'ana pikapuyo ikubwera. "Asiyeni afike," anatero. Anapuma kangapo. "Mawa musapite kumasokosi. Mundiperekeze kwa dokotala. Koma mukanene ndinu, ine pakamwa panga sipangathe."

"Ndikanena."

"Adzafuna kunding'amba, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Akamanding'amba musakachoke pakhomo pa chipindacho. Pamene ankang'amba bambo anga, mayi anga anapita kukagula khofi."

"Sindichoka."

Kumapiri kunagunda bingu. Pikapu inaima pambali pawo, ndipo amuna aja anatsika mmodzimmodzi, zipewa zili m'manja.